Mwandisiyira Chingerezi chimene ngakhale Azungu sachimva

Bambo a Tadala, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, koma kundivutitsa simunaleke. Anzanu a ku yunivesite, aja anakhazikitsa thumba la dzina lanu lothandiza ophunzira Chingerezi chamakedzana, andilembera kuti ndikawathandize kusankha woti athandizidwe chaka chino. Ine, wa Fomu 4 wa ku Mchinji! Ndangowerenga tsamba limodzi la zolemba za ophunzirawo, mutu waima. Zandikumbutsa tsiku lija anandichotsa ntchito ku fakitale ku Malaga, kuno kudziko la Azungu, ntchito za migodi zitazilala. Ndinafika kunyumba ku Mirrabooka maso ali psuu. Inu, m'malo mondipepesa, munatsegula chibuku chanu n'kuyamba kuwerenga mawu omveka ngati munthu watsamwa. Kenako munati, "Mayi a Tadala, munthu wa m'bukuyutu bwana wake anamutaya zaka chikwi zapitazo. Nayenso anasowa kolowera." Ndinafunsa kuti, "Nanga ntchito ina anaipeza?" Inu osachita n'komwe manyazi munati, "Sitikudziwa, tsamba lomaliza linapsa." Ndinakulandani bukulo n'kulikhalira, inu n'kuseka mpaka kutsokomola.

Tadala akuti ndingokana, zisandisowetse mtendere. Ndinatsala pang'ono kumumvera. Koma mwa opemphawo muli mayi wina wa ana awiri, amene walemba kuti abale ake onse amamuseka pa maphunziro amenewa. Kusekako ndikukudziwa bwino, poti kwathu kuno woyambitsa ndinali ine. Ndipita Lachisanu kukamuyankhulira. Komatu musanyade kumene muliko, ndikadakwiyabe nanu.