Khirisimasi ya Manudozi ndi Kambuzi

Mkazi wanga ananyamuka kupita kwathu kumayambiriro kwa chaka, kuno ku Perth dzuwa likuswa mtengo. Amayi ake anali atagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe, ndipo tinagwirizana kuti akakhale nawo mwezi umodzi ndi theka. Anatisiyira ndiwo zophikaphika mufiriji, chilichonse m'kontena yake, atalembapo tsiku loti tidye. Makontenawo asanathe, zipata za dziko lino zinatsekedwa chifukwa cha mliri uja. Mapepala athu anali a anthu obwera kudzagwira ntchito kwa kanthawi, choncho iye sakanaloledwa kubwerera. Tinatsala awiri m'nyumba, ine ndi mwana wathu wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Ndisabise, ndinali ndisanaphikepo chakudya chenicheni chibadwire. Ndinakulira pakati pa alongo anayi, ndipo kukhitchini ndinkangolowako kukamwa madzi. Miyezi yoyamba ija tinakhalira mazira, buledi ndi nkhuku yootcha kale ya m'sitolo. Apongozi anatisiya chaka chomwecho mvula isanayambe, maliro awo tinaonera pafoni. Mkazi wanga anatsalira m'nyumba ya malemuyo ku Kawale, kudikira zipata zimene palibe ankadziwa tsiku lotsegulidwa.

Khirisimasi itafika ndinalimba mtima n'kuphika mpunga ndi nkhuku, monga ankachitira mkazi wanga chaka chilichonse. Ndinamufunsa zonse pafoni, tomato angati, mafuta ochuluka bwanji. Sizinapserere. Mwana anadya masipuni atatu, kenako anaika sipuni pansi. Chichewa amamva bwinobwino, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chotulukira m'mphuno chija.

"Adadi, zakoma," anatero, "koma musadzaphikenso zimenezi mpaka amami atabwera."

Anakalowa kuchipinda kwake. Ine ndinatsala ndi mbale ziwiri patebulo, ndipo nkhukuyo tinaidya masiku anayi m'kati mwa buledi.

Ntchito ndinkagwira kumsika waukulu wa zamasamba ku Canning Vale, kumene eni masitolo ndi malo odyera amakapikula katundu. Ndinkayendetsa kagalimoto konyamulira makatoni kuchoka m'malole kupita m'zipinda zozizira. Pamalo athu panali mayi wina wachikulire wochokera ku China, wamfupi, wa imvi, woyenda mofulumira m'majombo aakulu kuposa mapazi ake. Aliyense ankawatchula kuti Anti, ngakhale bwana. Ntchito yawo inali kusankha masamba ofota ndi kulongedza abwino. Kwa chaka chathunthu tinkangopatsana moni. Chimene chinatiyambitsa kucheza chinali katoni ya masamba a mapesi oyera aja imene ndinawatulira tsiku lina.

"Anti, mukudziwa kuti kwathu masamba awa timawatchula kuti tchayinizi?" ndinawafunsa.

"Tchayinizi chiyani?"

"Tchayinizi basi. Dzina lake ndi lomwelo."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Anandifunsa mmene timaphikira, ndipo nditanena kuti timawiritsa ndi tomato mpaka afewe, anapukusa mutu ngati ndawauza za maliro. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya tiyi tinkakhala limodzi pa makatoni opanda kanthu. Ndinadziwa kuti amuna awo anamwalira zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala mumzinda wina kum'mawa kwa dziko lino. Ngakhale kumeneko kunali kotsekedwa. Mdzukulu anabadwa, anakwawa, anayamba kuyenda, iwo akungomuona pafoni.

Khirisimasi yachiwiri ikuyandikira, ndinawafotokozera za mpunga ndi nkhuku zija. Ndinati sindikudziwa choti ndiphike chaka chino.

"Mwana akunena zoona," anatero Anti. "Usaphike chakudya cha mayi wake. Phika chako."

"Ine ndilibe changa."

"Ubwere kwathu Lamulungu. Ugule nyama ya ng'ombe yopanda mafupa. Zina ndili nazo."

Ndinapita nditaweruka kutchalitchi, tayi ndili m'khosi. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mbaula ya gasi yamoto waukulu, ndipo pamwamba pake panali chiwaya chakuda bii, cholowa pakati, chofanana ndi chija amakazingira tchipisi m'misika ya kwathu. Anati anabwera nacho kuchokera kwawo ali mtsikana, ndipo sichinalaweko sopo. Chakudya chimene ankafuna kundiphunzitsa chinali manudozi okazinga ndi nyama ya ng'ombe ndi tsabola wambiri. Manudozi ake sanali a m'timapaketi aja ana asukulu amathira madzi otentha. Anali aakulu, ofewa, achikasu, atali ngati supageti.

Anayamba ndi mpeni. Anandionetsa mmene ulusi wa nyama wayendera, n'kundiuza kuti ndidule modutsa ulusiwo, topyapyala ngati tsamba. Ine ndinali nditazolowera nthuli zoti munthu aione m'mbale ali pakhomo. Zidutswa zanga zoyamba anazibweza zonse. Tinaviika nyamayo m'sosi wakuda wa soya, n'kuthira kaufa koyera kosalala ndi mafuta pang'ono. Kenako adyo, jinja, anyezi wamasamba, tsabola wouma wofiira, tchayinizi, chilichonse m'kambale kake, timbale tonse pamzere.

"Bwanji osayatsa moto tizidula zikupsa?" ndinafunsa.

"Moto ukayaka palibenso kudula, palibenso kuganiza. Uganiziretu pano."

Atayatsa ndinamvetsa. Chiwaya chinatentha mpaka kufuka, mafuta anathira, nyama inalira. Ndisanawerenge mpaka makumi atatu anandiuza kuti ndiichotse. Ndinakana. Ndinati kwathu nyama ya ng'ombe imakhala pamoto ola lathunthu, iyi ikadali yaiwisi. Ndinatambasula dzanja kufuna chivundikiro, iwo anandimenya pamsana pa dzanjalo ndi mthiko.

"Ukufuna kudyetsa mwana nsapato? Chotsa."

Ndinachotsa. Adyo ndi tsabola zinalowa, kenako masamba, manudozi, sosi, nyama n'kubwereramo. Zonse sizinathe mphindi zisanu. Ndinalawa. Nyama inali yofewa ngati chiwindi, tsabola ankabwera pambuyo pang'onopang'ono, ndipo munali kafungo ka utsi kamene sindinkadziwa kumene kachokera. Pogawa ndinatenga mpeni kuti ndidule manudozi amene ankalendewera. Anandigwira mkono. Anati kwawo pa chikondwerero sadula, chifukwa kutalika kwake ndiko kutalika kwa moyo wa odyawo. Amuna awo ndi amene ankaphika chakudyachi chaka chatsopano chilichonse, ndipo chimwalirireni iwo anali asanachiphikirepo munthu. Ananena zimenezi akutsuka chiwaya ndi madzi okha, osandiyang'ana.

Anandibwereka chiwayacho. Ndinayeserera kawiri kunyumba mwana ali kwa anzake. Ulendo woyamba manudozi anamatana n'kukhala chibumi chimodzi. Wachiwiri zinayenda bwinoko. Ndinawauza Anti kuti pa Khirisimasi abwere adzadye nafe. Anati iwo sapemphera. Ndinati sindikuwaitanira kutchalitchi.

Khirisimasi ya chaka chimenecho kunatentha kuposa masiku onse amene ndawaona kuno. Matenda anali atamvekanso mumzinda, choncho m'tchalitchi tinaimba nyimbo za kubadwa kwa Ambuye titavala mamasiki, thukuta likutsikira m'khosi. Titatuluka, mkulu wampingo wina wokhala ku Joondalup, amene amalima mbewu za kwathu m'zidebe kuseri kwa nyumba, anandiika kapepala m'dzanja. Munali kambuzi wakupsa, timaso tachikasu tokwana khumi. Nditanunkhiza ndinakumbuka kanyenya wa pamsika wa ku Kawale, pamene ine ndi mkazi wanga tinkaima Loweruka tisanakwatirane, ndikumugulira zidutswa ziwiri n'kudya chimodzi ndekha.

Anti anafika masana atavala bulauzi yofiira, atanyamula jumbo ya malalanje. Ndinali ndisanawaonepo opanda majombo. Mwana anawalandira ndi manja awiri monga anamuphunzitsira mayi wake, ndipo ndinanyadira mumtima. Panja sipanali poti munthu n'kuima, choncho tinagwirizana zophikira m'nyumba, mazenera otseka, makina oziziritsa akulira. Anti anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi chitseko cha khitchini, manja atapinda.

"Lero sindigwira kanthu," anatero. "Ndine mlendo."

Anayang'ana timbale tanga pamzere, anagwedeza mutu, kenako maso awo anagwera pa kambuzi uja.

"Aka n'chiyani?"

"Tsabola wa kwathu. Ndiikamo kamodzi kuti kanunkhiritse."

"Kamodzi? Ika tisanu."

"Anti, ameneyu sasewera naye."

"Kwathu ana amadya tsabola asanamere mano. Ika."

Ndinadula tisanu. Nthawi imeneyo mwana anali ataimbira mayi wake, n'kutsamiritsa foni pa chitini cha shuga kuti aziona mbaula. Kwathu kunali kutangocha. Mkazi wanga anali atamanga duku, akukonzekera kutchalitchi, ndipo mvula inkamveka ikugunda malata.

"Abambo, mwavala epuloni yanga?" anafunsa. "Nanga mawu achizimayi ndikumvawo ndi a ndani?"

Mwana anatembenuza foni. Anti anaimirira, anawerama pang'ono, n'kunena kuti iwo ndi mphunzitsi, ndipo wophunzira wawo ndi wouma mutu koma manja ali nawo. Mkazi wanga anaseka, anathokoza, n'kunena kuti za kuuma mutuzo akuzidziwa kalekale.

Ndinayatsa moto. Nyama inalowa ndi kutuluka pa nthawi yake. Koma kambuzi atangogunda mafuta otentha, utsi wake unadzaza nyumba yotsekayo. Woyamba kutsokomola anali Anti. Kenako mwana, kenako ine. Kabelu kochenjeza za utsi kudenga kanayamba kulira. Masiku amenewo munthu ukatsokomola kamodzi m'sitolo, anthu ankakupatukira, ndipo ife tinali atatu tikutsokomola ngati nkhuku za chitopa. Mwana anathamangira kukatsegula mazenera, mphepo yotentha inalowa. Anti anali pakhomo, misozi ili mbwembwembwe, komabe akulamula.

"Usasiye. Takasa. Masamba tsopano."

Sindinasiye. Ndinatakasa maso ali otsinzina theka, ndinathira manudozi, sosi, nyama, n'kuzimitsa. Pafoni mkazi wanga ankafunsa ngati nyumba yapsa, koma palibe anali ndi mpweya womuyankhira.

Tinakhala patebulo zitseko zonse zili pululu. Ndinapemphera mwachidule, Anti anadikira mwaulemu. Anali atabweretsa timitengo todyera, ndipo mwana anatigwira bwino pasanathe nthawi. Ine ndinabwerera ku foloko. Anti anatenga kamodzi, anatafuna, anamwa madzi, anapukuta mphuno.

"Tsabola wa kwanuyu ndamupepesa," anatero. "Koma nyama wakhoza."

Mwana anadya, milomo itafiira, akumwa mkaka pakati. Atamaliza anakankhira mbale kwa ine kuti ndimuonjezere. Anakweza manudozi amodzi m'mwamba mpaka dzanja kutha, kuonetsa mayi wake kutalika kwake, n'kumufotokozera chifukwa chake sitidula. Mkazi wanga anati belu loyamba lalira, achedwa kutchalitchi, ndipo ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje asanadule foni.

Madzulo a tsikulo tinasenda malalanje, Anti akutionetsa zithunzi za mdzukulu wawo. Mwana anawaphunzitsa kunena zikomo, iwo anamuphunzitsa mawu akwawo a tanthauzo lomwelo, ndipo aliyense ankaseka katchulidwe ka mnzake.

Zipata zinatsegulidwa patapita miyezi yochepa. Mkazi wanga anafika ataonda, ndipo pabwalo la ndege anaima kanthawi akuyang'ana mwana amene anali atamupitirira msinkhu. Lamulungu lotsatira tinapita tonse atatu kwa Anti. Mkazi wanga anawatengera chitenje cha maluwa ofiira, anagwada powapatsa, ndipo Anti anasowa chochita, nawonso anagwada. Tinapeza katundu wawo ali m'makatoni. Anali atasiya ntchito, ankasamukira kwa mwana wawo. Ndinawabwezera chiwaya chawo, ndipo anachilandira, anachiyang'ana mkati kuona ngati sindinachitsuke ndi sopo, n'kuchikulunga m'nyuzipepala. Anandilembera papepala dzina la sitolo imene ndingakagule changa.

Tinkatumizirana mauthenga chaka choyamba. Ananditumizira chithunzi ali pagombe ndi mdzukulu, atamanga chitenje chija m'chiuno mozondotsa. Pambuyo pake mauthenga anayamba kutalikirana, monga zimakhalira, ndipo uthenga wanga womaliza sunayankhidwe. Sindidziwa ngati anangosintha nambala.

Khitchini inabwerera kwa mwini wake sabata yomweyo imene anafika, ndipo sindinalimbane naye. Koma pa Khirisimasi, mpunga ndi nkhuku zikapsa, amapukuta manja n'kundisiyira mbaula. Kambuzi ndimaika tiwiri, mazenera nditatsegula. Mwana tsopano ali kukoleji, ndipo chaka chatha anabwera ndi anzake atatu a ku Zambia. Ndinamumva pabalaza akuwauza, m'Chichewa chake chopindikapindika, kuti adikire asakhute mpunga, chakudya cha adadi chikubwera.