Kadzidzi wa M'foni

Amuna anga ndi a ku Dedza, ndipo amaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Kasungu. Chimene amakonda kuposa mpira ndi kuyang'ana mbalame. Sazigwira kapena kuzidya, amangozipenya ndi magalasi oonera patali mpaka khosi kuwawa. Titangokwatirana ndinkaziona ngati zachibwana, koma kenako ndinayamba kuwatsatira. Sizinandivute kuzolowera. Ndinakula ndili mwana wosayankhulayankhula, wokhala pambali n'kumaona zimene anthu akuchita, ndipo mbalame zimafuna munthu wotero.

Chaka china, pa tchuthi cha nyengo yozizira, tinakonza ulendo wautali. Tinati tiyambire kumapiri a Viphya, titsikire kunkhalango yowirira ya pafupi ndi minda ya mphira, tigone kwathu ku Sanga, kenako tikwere sitima yapamadzi kupita ku Likoma ndi ku Chizumulu. Amuna anga ankawerengera mbalame. Ine ndinali ndi changa chimene ndinkapitira. Agogo anga, amene kwathu timawatchula kuti ambuya, anali ndi chilonda pamwendo chimene sichinkapola. Ndiwo anandilera kuyambira pamene amayi anamwalira ndisanayambe sukulu, abambo atatsogola kale. Anandiphunzitsa ndi chinangwa ndi usipa wogulitsa pamsewu. Chipatala sankachifuna, koma nditawachonderera pafoni anavomera kuti ndikabwera ndekha kudzawatenga, apita.

Ku Viphya tinapeza chifunga. M'mawa mitengo inkangodontha madzi popanda mvula, nthambi zitakutidwa ndi ndere. Munkhalango yotere mbalame umazimva paliponse koma suziona. Apa m'pamene amuna anga ankatulutsa foni. Anali atasungamo kulira kwa mbalame zosiyanasiyana, ndipo kumene ankadalira kwambiri kunali kwa kadzidzi wina wamng'ono amene amalira ngakhale masana. Timbalame tating'ono timadana naye. Tikangomumva timasiya zonse n'kubwera kudzamulalatira kuti achoke. Ukaliza foniyo n'kukhala chete, posakhalitsa nthambi zonse zimadzaza, ndipo umangosankha yoti uyang'ane. Tinachita zimenezi m'chifunga muja, tinachitanso kunkhalango ya kunsi, kotentha ndi konyowa, kumene apusi ankatigwetsera zipatso zodya theka. Kumeneko ndinaona nkhulukulu ikuuluka, mapiko ake ofiira ngati nsalu yatsopano. M'masiku onsewo sizinandibwerere m'mutu kuti chimene chinkalira m'fonimo ndi kadzidzi yemwe uja amene kumudzi amati amalosera maliro. Kutchire chinkangomveka ngati chida cha ntchito.

Tinafika ku Sanga Lachisanu masana. Ambuya anali pamphasa pakhonde, mwendo atamanga ndi chidutswa cha chitenje. Kwathu agogo amasereula mwamuna wa mdzukulu wawo ngati ndi wawo, ndipo iwo sanachedwe.

"Amuna anga afika!" anatero m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitonga. "Iwe mkazi mnzanga, ukuwapatsa chiyani kuti aonde chonchi?"

"Ndathawira kwa inu, akazi anga aakulu," anayankha amuna anga akunjuta. "Uyu amandimwetsa tiyi wopanda shuga."

"Mwachita bwino. Koma kuno kulibe kachewere wa ku Dedza. Kondowole mudzamutha, kapena adzakukakamirani pakhosi ngati paukwati paja?"

Nditamasula chitenje chija ndinaona kuti chilonda chakula, ndipo phazi linali litatupa. Tinagwirizana kuti Lolemba m'mawa tikwere minibasi kupita kuchipatala ku Chintheche. Sitima inali yoti ifika pambuyo pake, choncho zonse zinkaoneka kuti zikwanirana.

Loweruka m'mawa ndinapita kudambo kukavuula chinangwa chimene ambuya anaviika mwendo usanawakanike. Ndinasiya amuna anga akupukuta magalasi awo, akunena kuti azungulira kumitengo ya mango ya kuseri kwa nyumba.

Pobwera, dengu lili pamutu, ndinaona chikuni chamoto chili pansi kuseri kwa khitchini, chikufukabe utsi, pamalo pamene sipasonkhedwa moto. Ndinaima. Chikuni chotero ndinachionapo kamodzi ndili mwana. Amayi ali chigonere m'nyumba, kadzidzi analira pamtengo, ndipo ambuya anasolola chikuni pamoto n'kuchiponya kumene kunkachokera kulirako. Amayi anamwalira sabata yomweyo.

Ambuya ndinawapeza pabwalo. Anali atakhala pafupi ndi beseni, akuchapa bulauzi yoyera ndi duku loyera zimene amavala amayi a mpingo, ngakhale zinali zoyera kale. Atamaliza anaitana mayi wa nyumba yoyandikana nafe n'kumupatsa khasu lawo, lija sankalola munthu aliyense kubwereka. Kenako anandiuza kuti ndikhale pansi, ndipo anayamba kundifotokozera pamene munda wathu umathera, kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa mkuyu.

"Mukundiuziranji zimenezi lero?" ndinafunsa.

"Lolemba sindipita," anatero. "Ndikafere pabedi la eni ake? Ndifera m'nyumba mwanga."

"Chachitika n'chiyani, ambuya?"

"Wabwera. Usiku bwenzi ndikuti mwina akusaka mbewa. Koma masana, dzuwa lili pamutu, kuseri kwa nyumba yanga? Ndamuponyera moto, wayambiranso. Kwa amako sanalimbikire chonchi."

Ambuya anali munthu wa tchalitchi, ndipo mukanawafunsa pagulu akanati za kadzidzi n'zachikunja. Koma anaika m'manda mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo zimene anamva sabata imeneyo sanaziiwale.

Amuna anga anatulukira chakumasana, nsapato zili matope, nkhope ili mwee. Anayamba kundiwerengera zimene aona, kuti kuseri kwa nyumba yathu kuli mbalame zambiri kuposa kunkhalango. Ndinawakokera kumbali.

"Munaliza uja?"

"Eya, kangapo. Bwanji?"

Nditawauza, anakhala pamwala n'kugwira mutu. Kenako anadzuka kuti akafotokoze nthawi yomweyo. Ndinawagwira malaya. Pakhonde panali patakhala kale amayi angapo a m'mudzi, chifukwa nkhani ya khasu inali itayenda. Ndinamva wina akunena kuti kadzidzi wa masana sabwera yekha, amachita kutumidwa. Mawu amenewo ndinawamvanso pa maliro a amayi. Nthawi imeneyo anthu analoza bambo wina wokalamba amene ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi, ndipo anasiya kumupatsa moni mpaka anasamuka. Tsopano ndikanaima pakhonde paja n'kunena kuti kadzidziyo ali m'thumba la mkamwini wochokera kutali? Ena akanaseka, koma osati onse.

Kuwanong'oneza ambuya kokha sikukanathandizanso. Akanati ndapeka bodza kuti ndiwakokere kuchipatala. Ankafunika kuona ndi maso awo, popanda anthu ena. Tsiku limenelo sanadye kanthu, anangomwa madzi.

Lamulungu m'mawa mudzi wonse unapita kutchalitchi. Ambuya sakanatha kuyenda mtunda umenewo, ndipo ife tinati titsala nawo. Nyimbo zitayamba kumveka chapatali, ndinayala mphasa pansi pa mango n'kuwathandiza kufika pamenepo.

Sindine munthu wodziwa kuyamba nkhani. Ndinangoti, "Ambuya, kadzidzi wa dzulo tikumudziwa. Tabwera naye ndife."

Anandiyang'ana osaphethira. Amuna anga anagwada, anaika foni pamphasa, n'kuidina. Kulira kuja kunayamba, kokwera pang'onopang'ono ngati mluzu. Ambuya anandigwira pamkono mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa. Ndinawauza kuti ayang'ane kumwamba.

Anayamba kufika apumbwa, akulongolola. Kenako atimba, ndi tina tating'ono tambiri timene mayina ake amawadziwa ndi amuna anga, tonse tikudumphadumpha panthambi ndi kusuzumira pansi. Mnthengu unatera pafupi kwambiri, ukutembenuza mutu uku ndi uku kufunafuna mdani. Amuna anga atazimitsa foni, timbalameto tinakhalabe tikukalipa kwa kanthawi, kenako tinabalalika.

"Nazonso zapusitsidwa," anatero ambuya. Anandisiya mkono. "Lizaninso."

Analizanso. Ulendo uno ambuya anayang'anitsitsa foniyo, n'kuikhudza ndi chala.

"Analowamo bwanji?"

Amuna anga anafotokoza kuti munthu wina anapita kutchire ndi makina ojambulira mawu, kadzidzi akulira, ndipo mawuwo ndi amene anthu amagawana.

"Liti?"

"Kalekale, agogo. Mwina zaka zapitazo."

"Kuti? Kuno?"

"Ayi. Mwinanso si m'dziko muno."

Ine ndinkayembekeza kuti ambuya anena kuti za kadzidzi n'zabodza, koma sananene zimenezo, ndipo sanazinenepo mpaka lero.

"Ndiye kuti analirira eni ake," anatero. "Amene ankamunenayo anaikidwa kale, anthu analira, anabalalika. Si wanga."

"Si wanu, ambuya," ndinatero.

Atatero anatembenukira kwa amuna anga, ndipo mawu awo anasintha. "Aphunzitsi, inu mwatenga uthenga wa maliro a eni ake n'kumayenda nawo m'thumba. Mukufika pakhomo pa munthu wodwala n'kumaulengeza. Kusukulu kwanuko amaphunzitsa zimenezi?"

Chiyambire anali asanawatchulepo kuti aphunzitsi. Amuna anga anaweramitsa mutu n'kupepesa. Sanayese kudziteteza.

"Mumuchotse."

"Sindidzamulizanso kuno, agogo."

"Sindinati musamulize. Ndati mumuchotse. Simulowanso naye m'nyumba mwanga, ndipo simukwera naye minibasi imene ndikwere ine."

Ndinaona amuna anga akuzengereza pang'ono. Mbali yaikulu ya mbalame za ulendo wonsewo anazionera kulira kumeneko. Koma anadina, n'kufufuta. Ambuya sadziwa kuwerenga, choncho anandipatsa foniyo kuti ndiwatsimikizire. Ndinayang'ana n'kuwauza kuti wachokadi.

"Chabwino. Tsopano ndiphikire phala, njala yandipweteka. Ukatero upite ukatenge khasu langa."

"Ndikanene kuti chiyani?"

"Ukanene kuti ndalifuna. Ndi langa."

Anthu atabwera kutchalitchi anadutsira kwathu kudzazonda. Ine mtima unali m'mwamba kuti ambuya anena chiyani. Iwo anangoti makutu awo akalamba, chimene anamva dzulo chinali mbalame wamba, ndipo mawa akupita kuchipatala. Mayi uja wa khasu anaumirira kuti nayenso anamva. Ambuya anamufunsa ngati akudandaula kadzidzi kapena khasu, ndipo anthu anaseka. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Lolemba tinapitadi. Anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo anawagoneka kuti azitsuka chilondacho ndi kuwabaya jekeseni. Adokotala anati tikanachedwa kwambiri, nkhani ikanakhala yodula phazi. Ine ndinakhala nawo monga wowadikirira. Amuna anga ankagona kumudzi, n'kumabwera ndi minibasi m'mawa uliwonse atanyamula nsomba ndi ndiwo zamasamba zimene adokotala analola. Sitima ya ku Likoma inabwera n'kupita ife tili m'wodi.

Masiku oyamba ambuya ankawalandira ndi "zikomo aphunzitsi" basi, n'kutembenukira kukhoma. Amuna anga zinkawapweteka, koma sanasiye kubwera. Tsiku lina anafika atanyowa ndi mvula yowaza ya nyengo imeneyo, ndipo mayi wa bedi loyandikana anafunsa kuti bambo okhulupirika chonchiwa ndi ndani.

"Amuna anga," anatero ambuya. "Ndimabwereka kamtsikana aka kuti kaziwachapira. Nzeru alibe kwenikweni, koma nsomba amadziwa kusankha."

Atatuluka m'chipatala tinatsala ndi masiku ochepa a tchuthi. Tinapita ku Kande n'kupempha asodzi kuti atiwolotsere pa kachilumba kamiyala kamene kamaonekera pagombe. Sikanali Likoma, koma mbalame za kumeneko sizifuna kuitanidwa. Akakowa anali ataima pamiyala yoyera ndi zitosi, ndipo nkhwazi ziwiri zinakhala pamtengo wouma osasamala za ife. Tinakhalapo mpaka dzuwa linatiwotcha, asodzi aja n'kutibwerera.

Amuna anga sanabwezeretsenso kadzidzi uja m'foni. Kunkhalango masiku ano timangokhala pansi n'kudikira, ndipo nthawi zina timabwerera tisanaone kanthu. Ambuya akuyenda ndi mapazi awo onse awiri, ngakhale amadandaula kuti kondowole anawachepetsera. Tikafika ku Sanga, tisanakhale n'komwe pansi, amatambasula dzanja n'kufunsa kuti, "Amuna anga, lero mwatibweretsera maliro a ndani m'thumbamo?" Amuna anga amatulutsa foni n'kuwapatsa, ndipo iwo amaiika pansi pa mtondo wovundikira mpaka tsiku lonyamuka.