Nyanja Imene Inachoka Masana

Ndinadandaula koyamba polemba kalata ku komiti ya asodzi a padoko lathu kunyanja ya Chiuta mwezi womwe ndinabwerako ku Nacala. Kope la kalatayo ndili nalo, pamodzi ndi tikiti ya sitima.

Ku Nacalako ndinakazonda mlamu wanga amene ankadwala. Tsiku lina m'mawa ndinaima m'mphepete mwa nyanja yamchere, mabwato akuyandama. Pofika masana madzi anali atathawira kutali, mabwato atagona cham'mbali pamatope, amayi akutola nkhono pomwe panali pakuya. Madzulo madzi anabwerera okha, popanda mvula ngakhale dontho.

Nditafotokoza zimenezi pamsonkhano wathu, apampando anaseka. "Iyayi achimwene, nyanja yathuyi ikamaphwa imatenga chilimwe chonse. Yanuyo imapita kukadya nkhomaliro?" Anthu anafa ndi chiseko. Pasanapite nthawi anandichotsa pa ulembi, ati munthu wokometsera nkhani sangasunge mabuku a gulu.

Sindinakangane nawo. Ndinapita ku Balaka n'kukagula buku lakale la sayansi pamsika. Likunena momveka kuti mwezi umakoka madzi a padziko, ndipo dziko likamazungulira, nyanja zikuluzikulu zimakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Yathuyi ndi yaing'ono, n'chifukwa chake sitionapo kanthu. Tsamba lonena zimenezi ndinalichititsa fotokope n'kuwapatsa a komiti. Mpaka lero ali chete, koma ana padoko amanditchulabe kuti agogo a nyanja yothawa.

Ulembiwo sindikuufunanso. Ndikupempha mwaulemu kuti komiti iwerenge tsambalo pamaso pa anthu amene anaseka aja, ndipo indiyankhe polemba ngati ndinanama.