Manachesi a Jurre

Masamba akayamba kuyoyoka m'mudzi mwathu muno, kumpoto kwa mzinda wa Groningen, anthu ena amangotulutsa majasi m'kabati basi. Kwa Tjitske sizinali choncho. Mwana wake Jurre, wa zaka zisanu ndi ziwiri, sankayankhula, ndipo chilichonse chikasintha mutu wake unkasokonezeka. Jasi lokhuthala ankalikana ngati lili ndi minga. Ndiye mayi ake ankalikoleka pampando kunja kukadafunda, mwanayo n'kumalidutsa, kulikhudza, kulinunkhiza, mpaka tsiku lina n'kulivala yekha. Mdima ukayamba kufulumira, Tjitske ankayatsa magetsi dzuwa likadalipo kuti Jurre asadzidzimuke. Zonsezi ankachita ataweruka ku bekale kumene ankakanda ufa kuyambira mbandakucha. Mkazi ameneyu kudandaula sankakudziwa, koma pakamwa pokha, eee, anali napo.

Tsiku lovuta kuposa onse linali la Sint Maarten, mu Novembala, pamene ana amayenda khomo ndi khomo madzulo atanyamula nyali za mapepala, kuimba n'kulandira maswiti. Belu la pakhomo linkamuliza Jurre. Choncho Tjitske ankalimata ndi tepi, n'kuima yekha pachitseko ndi dengu la manachesi. Ana akaimba, iye n'kuwagawira. Jurre ankaonerera zonsezi atakhala pamasitepe, manja ali kumakutu.

Chaka chimenecho mwanayo anabwera kuchokera kusukulu ndi nyali yomwe anamata yekha, yooneka ngati nsomba yobiriwira ya diso limodzi. Anakana kuisiya. Ankadya nayo, kugona nayo, ndipo kukayamba kuda ankaima pachitseko ataigwira.

"Akufuna apite nawo," Tjitske anauza mwamuna wake Harm, woyendetsa galimoto ya mkaka.

"Akaimba chiyani, mayi a Jurre? Ana aja akamuseka, inu n'kubwera kuno mukulira."

"Ine kulira? Si inu munalira pa ukwati mpaka abusa anakubwerekani kansalu?"

Harm anaseka n'kugonja. Koma mantha akewo Tjitske anali nawonso. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: mwana wake ayende mumsewu wawo ngati mwana wina aliyense, popanda womubweza pakhomo.

Anayamba kuyeserera. Madzulo aliwonse ankatsika ndi msewu awiriwiri, masamba onyowa akumata kunsapato, Jurre n'kumaima pageti lililonse mwa dongosolo lake. Masana Tjitske ankagogoda kwa anansi. Musakuwe, musamugwire kumutu, musadikire nyimbo. Onse anavomera, kupatula a Bolhuis.

A Bolhuis anali mkulu wokhala yekha kumapeto kwa msewu. Kale ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi, koma chimwalirire akazi awo palibe anawamvapo akuimba. Chimene chinawatsalira chinali kuweruza nyimbo za ena.

"Wosaimba salandira, mwana wanga," anatero. "Lamulo ndi lamulo. Ndikayamba kugawa maswiti kwa ongoima, mawa onse abwera atatseka pakamwa."

"Mwanayu sayankhula, a Bolhuis."

"Ndiye mulambalale nyumba yanga."

"Tilambalaladi. Maswiti anunso aja ndi ouma ngati miyala."

Tsikulo linafika ndi kamphepo kozizira. Harm anatsala pakhomo kuti azigawira ana. Asananyamuke, Jurre anapita padengu n'kudzaza thumba lake ndi manachesi. Mayi ake anaganiza kuti ndi kamba wa panjira, ndipo anamusiya.

Pakhomo loyamba anatsegula mayi Wiersema, mwakachetechete monga anapanganirana, chokoleti chili m'manja. Jurre sanachiyang'ane n'komwe. Anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa nachesi, n'kuwaika m'manja, n'kutembenuka.

"Aa! Ine?" anadabwa mayi Wiersema. "Tjitske, mwanayu wandipatsa ine!"

Apa ndi pamene Tjitske anamvetsa. Zaka zonse zija pamasitepe, Jurre ankaona mwambowu kuchokera m'nyumba. Chimene ankadziwa n'chakuti chitseko chikatseguka, mayi ake amapereka nachesi. Iye ankachita zimene anaphunzira kwa mayi ake. Tjitske anatsegula pakamwa kuti amukonze, kenako anatseka. Ambirife tikanamulanda thumbalo kuti achite ngati anzake. Iye anangolandira chokoleti chija, n'kuchiponya m'thumba la jasi lake n'kutsatira nsomba yobiriwira.

Anayenda choncho khomo ndi khomo. Anthu ankatsala pakhomo akumwetulira, nachesi ili m'manja. Bambo wina wa ndevu anati sanalandirepo kanthu pa Sint Maarten chichokere ku pulayimale. Mtima wa Tjitske unadzaza ndi chimwemwe mpaka anaiwala za kumapeto kwa msewu.

Jurre sanaiwale. Geti lililonse linali ndi malo ake pa dongosolo lake, ndipo m'thumba munatsala nachesi imodzi. Mayi ake asanamugwire, anali atalowa kale pageti la a Bolhuis.

Pakhomo panali ana ena amene anali atangomaliza kuimba. A Bolhuis anayang'ana Jurre pamwamba pa magalasi awo.

"Nyimbo?"

Jurre anapisa dzanja m'thumba.

"Sayankhula ameneyu, agogo," anatero mtsikana wina wa nyali ya nyenyezi.

Tjitske ankaopa kuti chitseko chitsekedwa pamaso pa mwana wake, anzake akuona. Koma Jurre anatulutsa nachesi ija n'kutambasula dzanja. Mkulu uja anayang'ana mwanayo, anayang'ana nachesi, kenako pang'onopang'ono anatambasula lake.

"Dikirani kaye, a Bolhuis," anatero Tjitske. "Wosaimba salandira. Lamulo ndi lamulo."

Ana aja anaphulika ndi phwete. "Imbani, agogo! Imbani!"

A Bolhuis anafiira mpaka m'makutu. Tjitske anaganiza kuti pakamwa pake pamuonongera zonse. Koma mkuluyo anakhosomola, anavula magalasi, n'kuwerama kuti afanane msinkhu ndi Jurre. Anayamba kuimba nyimbo ya nyali ija, imene ana onse kuno amaidziwa, koma motsitsa kwambiri, mawu akusasa chifukwa chokhalitsa osagwira ntchito.

Tjitske sankayang'ana woimbayo. Ankayang'ana manja a mwana wake. Lina linagwira nyali, lina nachesi, ndipo palibe limene linapita kukhutu.

Nyimbo itatha, Jurre anaika nachesi m'manja mwa a Bolhuis n'kutembenuka, ntchito yake yatha.

"Chaka chamawa mubwerenso," anatero mkuluyo. "Ndikonzekera bwino. Nanga misoziyo, mwana wanga?"

Tjitske anapukuta kumaso ndi mkono wa jasi, n'kuthamangira nsomba yobiriwira imene inali italowera kale kunyumba.

"Ndi mphepo iyi," anatero ali pageti. "Ndipo musakawauze a Harm."