Buku lija munalimva kuposa ine, Bambo

Bambo, patha milungu itatu chikuikireni m'manda, ndipo lero ndapeza buku lija pansi pa sutikesi yanu, likununkhabe fodya. Mukukumbuka ndili Fomu 4, ndikukumasulirani m'Chichewa inu mukusoka fodya m'chigafa cha pa esiteti? Inali nkhani yopeka ya banja la ku Nigeria lomwe linasamukira ku Amereka. Ine ndinanena mwamatama kuti phata lake ndi ana oiwala chinenero cha makolo awo. Inu munapukusa mutu. "Iwe, sukulu yakutseka m'maso eti? Nanga bambo wa m'bukumo akukaniranji kugula bedi zaka zonsezo? Munthuyo sakufuna kufera kwa eni."

Ndinaseka, osaona kuti nanunso zaka makumi awiri muli ku Mchinji simunabzalepo mtengo ngakhale umodzi. Munkati mango mukabzala kwanu ku Phalombe. Sitinathe kukuperekezani kumeneko, Bambo. Takugonekani konkuno kumalire ndi Zambia, m'manda a matenanti, pakati pa anthu omwe ngakhale mayina awo sitiwadziwa. Mawa ndikabzala mango kumutu kwanu. Mundikhululukire.