Ufa wa pa maliro a mwana wanga

Mwana wanga wachiwiri anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zitatu, tikukhala ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Anali masiku a chipani chimodzi aja, pamene ufa, sopo ndi mafuta ophikira tinkazipeza titaima pamzere kuyambira m'mamawa. Ine ndinali ndisanathe zaka zisanu mu Lusaka. Ndinakulira ku Malawi, pa mishoni, mwana wa mphunzitsi, ndipo ndinkadziona ngati wodziwa bwino mmene Mkhristu ayenera kukhalira. Amuna anga anali Mngoni wa ku Chipata, wogwira ntchito ku mafakitale.

Mumpingo mwathu ambiri tinali a kum'mawa, koma munalinso mabanja a Chibemba ochokera ku Luapula ndi ku migodi. Mmodzi mwa iwo anali mayi wina wamkulu kwa ine, wogulitsa tinsomba ta kapenta kumsika wa m'tauni. Tinkakhala benchi limodzi ku chigwirizano cha amayi, ndipo ndiye amene ankandinong'oneza sitolo imene ufa wafika.

Tsiku loika maliro, titangobwera kumanda, mayiyu anatulukira ndi ufa m'manja. Anawapaka amuna anga kumutu ndi kumaso mpaka anayera, kenaka anandipaka ine. Ndipo anakweza mawu anthu onse akumva: "Imwe Bangoni, mwana mumudyesa mbewa chabe, manje onani!"

Anthu anaseka. Ngakhale amuna anga ndinawaona akumwetulira misozi ili m'maso. Ine magazi anawira. Ndinamukankha mayiyo mpaka anagwera pa mbaula yozima, ndipo ndinamuuza kuti asadzapondenso pakhomo panga.

Amuna anga anandifotokozera pambuyo pake kuti chimenecho ndi chimbuya. Abemba ndi Angoni anamenyana kalekale, ndipo nkhondo itatha anasanduka anthu oikana maliro ndi onyozana mwachibale. Pa maliro a Mngoni, Mbemba amapaka ofedwa ufa n'kuwaseka kuti chisoni chisawamize. Pa maliro a Mbemba, Mngoni amabweza. Za mbewazo akuti n'zimene amatiseka nazo tsiku lililonse. Ndinamva ndi makutu okha. Chimene sindinawauze n'chakuti mwanayo atayamba kutentha thupi ndinakhala masiku awiri osapita naye kuchipatala, ndikuti ndi chimfine. Choncho pamene mayi uja ananena kuti tamupha tokha, ine sindinamve nthabwala ayi.

Nkhaniyo inalowa mumpingo. Amayi a Chibemba anasamuka pa benchi lathu, akuti mlendo wanyoza mwambo wa eni dziko ndiponso wagwetsa munthu wamkulu. Ena, makamaka okulira pa mishoni ngati ine, anati chimbuya n'chachikunja, chisamalowe pa maliro a Akhristu. Anthu amene sanamudziwe n'komwe mwana wanga ankakangana za iye kuseri kwa tchalitchi, ndipo ena kumbali yangayo ankandichemerera moti ndinayamba kunyada ndi mkwiyo wanga.

Kenaka analengeza Mgonero. Lamulo lathu linali lodziwika: amene ali ndi chidani ndi mnzake safika ku gome mpaka atayanjana pamaso pa akulu a mpingo. Chilowereni mumpingo ndinali ndisanaphonyepo Mgonero, ndipo chimwalirireni mwanayo ndinkaufuna koposa chakudya. Kupemphera kunkandikanika. Ndinkaganiza kuti mwina ndikalandira mkate uja ndidzadziwa kuti Mulungu sanandiimbe mlandu. Koma kupepesa mayi uja, ndinalumbira kuti sindingathe.

Akulu a mpingo wathu sankaweruza nkhani zotere pagulu. Anatuma awiri, wina Mbemba woyendetsa lole, wina Mchewa wa ku Katete wosoka zovala. Anabwera kwathu, anandimvetsera osandidula, anapemphera, n'kupita. Anachitanso chimodzimodzi kwa mayi uja. Loweruka masana, mawa lake kuli Mgonero, anatiitanira m'kachipinda ka kuseri kwa guwa ndipo anatikhazika pa benchi limodzi lalifupi, loti sungakhalepo osakhudzana mapewa. Ndikhulupirira kuti analisankha dala.

Ndinayamba ndine. Mawu ndinali nditawakonza sabata yathunthu, ndi mavesi omwe, ndipo ndinawakhuthula onse. Mayiyo anangoyang'ana pansi. Itafika nthawi yake anati, "Chimbuya sininganene ati nichoipa, ninabadwilamo. Koma sininaziwe ati imwe simuchiziwa. Mau yaja yanakubabani mu mtima, munikhululukile."

Kupepesa kotereku ndinakuona ngati kwa theka.

Mkulu wa ku Katete uja anatsokomola pang'ono. "Amayi," anatero kwa ine, "kodi munafunsapo kuti mwana wanu anamusambitsa ndani?"

Sindinafunsepo. Masiku amenewo ndinali chigonere pamphasa, amayi anzanga atandigwira uku ndi uku. Mwanayo ndinamuona ali kale m'bokosi, atavala malaya ake oyera a ubatizo, tsitsi lopesedwa bwino. Ndinkangoti ndi achibale a amuna anga.

Mkuluyo anafotokoza kuti chimbuya si ufa wokha. Ntchito zimene ofedwa sangazithe, monga kusambitsa mtembo ndi kuuveka, amagwira ndi ambuya, a mtundu winawo. Anatembenukira kwa mayi uja kuti anene yekha. Iye anakana kaye, akuti zimenezo sanena. Atamukakamiza anayankha motsitsa mawu, "Nine ninayenda ku mochale."

Mavesi onse anandithawa. Funso limene linatuluka pakamwa panga linali lopusa, koma ndilo lokha limene ndinali nalo, chifukwa mwana wanga ankalira kwambiri akamasamba madzi ozizira.

"Madziwo anali ozizira?"

Anapukusa mutu. "Kuja kuli chabe pompi ya manzi yozizila, ba mbuya. Ninawilisa yanga ku nyumba, ninamanga ketulo mu chitenge kuti isapole mu basi. Yanafika yakali yofunda."

Sindikumbukira kuti ndinapepesa ndi mawu otani, kapena ngati ndinapepesa n'komwe. Ndinagwira dzanja lake lonunkha kapenta lija, n'kuliika pamaso panga. Akulu aja anatuluka, natisiya awiriwiri. Pamenepo ndinamuuza za masiku awiri aja, nkhani imene amuna anga anadzamwalira osaimva.

Za chimbuya mpingo sunagamule kuti chithe kapena chikhale. Anangolangiza kuti kwa mlendo azifunsa kaye. Okangana aja ena anakhumudwa kuti palibe wapambana. Mawa lake ndinafika ku gome, ndipo ndinadya mkate uja.