Njinga ya alamu anga

Chaka chimene bambo a mwana wanga anapita ku Joni ndinatsegula buku kubanki ina ku Balaka. Ndinkachoka kwa Mposa mwana ali kumbuyo, minibasi mpaka pa Liwonde, kenako ina. Pawindo lachiwiri pankakhala mayi wina wa magalasi, wosafulumira. Ankayamba wafunsa ngati mwana wamera mano, kenako n'kundilembera fomu, poti ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Ndalama zimene bambo ankatumiza zinali za malata, ndipo tinapangana kuti zisakhudzidwe mpaka adzabwere.

Ulendo wina kalaliki wa tayi anandichotsa pamzere. Anati masiku ano anthu saimanso padzuwa, zonse zili pafoni, n'kundilumikiza pomwepo. Ndinavomera chifukwa cha manyazi. Kunyumba manambala aja anandizunguza, ndiye ndinapempha alamu anga, ang'ono awo a bambo, kuti andionetse. Anandifunsa nambala yachinsinsi. Kwathu mwamuna akakhala kutali, mlamu sumukaniza chinthu. Ukakana, mawa mudzi wonse wamva kuti ukubisira abale a mwamuna. Ndinawauza. Foninso ankaibwereka akati yawo yatha moto.

Mvula isanagwe alamu anagula njinga yamoto ya kabaza. Thobwa la chikondwerero ndinaphika ndine.

Nditapita kukaona buku, munalibe kanthu. Wa tayi uja anayang'ana kompyuta, ine ayi, n'kunena kuti makina akuonetsa kuti ndinatumiza ndekha. Bambo atamva sanakalipe. Anangoti nawonso amva kuti ndayamba kusintha zitenje, ndipo akadzabwera tidzakumana kwa ankhoswe. Wowauza za zitenjezo ndinamudziwa. Miyezi inayi bambo sanandiimbire foni.

Ndinabwerera ku Balaka. Ndinakana windo lililonse, ndinakhala pabenchi kuyamwitsa mwana mpaka mayi wa magalasi atamaliza anthu ake. Anandimvetsera osandidula. Anatulutsa pepala lalitali, n'kudula mzere ndi bolopeni pansi pa nambala imene inkalandira ndalamazo, kenako anandiwerengera pang'onopang'ono. Asanafike kumapeto ndinaimaliza ndekha pamtima: inali ya alamu.

"Achemwali, musakathamange nalo," anatero akulipinda. "Pepala silisasa."

Sindinathamange. Ndikanaimbira ku Joni, alamu akanati pepala ndagula, ndipo magazi akanakhulupirira magazi. Ndinkawapatsabe madzi osamba m'manja nditagwada. Akanditengera kusikelo panjinga ija ndinkathokoza, ndikumva malata anga akulira pansi pa mpando.

Kenako alamu anapeza mbeta kwa Kawinga, mwana wa mphunzitsi. Alamuwo ankapesa tsitsi katatu patsiku. Kwathu chinkhoswe chisanachitike, akuchikazi amatuma munthu mwakachetechete kukafufuza khalidwe la mnyamata. Safunsa mayi ake. Amafuna wodziwa banjalo koma wosakhala wamagazi. Azakhali a mtsikanayo anandipeza pamjigo akunamizira kufunsa njira. Ndinawatengera kunyumba, ndinawayalira mkeka, n'kuwapatsa pepala lija. Kuwerenga ankadziwa kuposa ine. Sindinawonjezepo mawu, kupatula kuwafunsa ngati mwana wawo ali ndi foni.

Chibwenzi chinatha sabata yomweyo. Ndinadziwa kuti alamu abwera, choncho ndinaitaniratu ankhoswe a banja langa mbali zonse ziwiri, ati kudzaona mwana. Anali m'nyumba pamene njinga inaima pakhomo.

"Alamu, bwanji osandiuza ine kaye? Ndalamazo ndimati ndibweza njinga ikayamba kupanga!"

"Iyayi alamu. Inu za zitenje munandiuza ine kaye?"

Ankhoswe akuchimuna anatuluka atagwira kale foni. Anaimbira ku Joni pomwepo, n'kuuza alamu kuti abwereze mawu awo achimwene awo akumva. Anabwereza.

Madzulo ake foni yanga inalira. Ndinaisiya. Inaliranso m'mawa, ndinali kuchapa. Ndinayankha tsiku lachitatu. Bambo anapepesa nthawi yaitali, mpaka mayunitsi kuwathera, n'kuimbanso. Ndinawauza kuti ndamva, koma za ankhoswe zimene ananena zija zichitike ndithu akadzabwera, kuti akabweze mawu awo pamaso pa anthu. Anavomera.

Mtsikana wa kwa Kawinga uja anakwatiwa ndi wina chaka chotsatira. Sanandiitane, koma ndinapita, ndipo ndinavina mpaka mwana kudzuka kumbuyo.